Za Kuyesa Mphatso za Mzimu, ndi Madzi a ku Chikamana

Pa msika wa ku Balaka, ndi pa mitengo ya m'mbali mwa mseu wa ku Liwonde, amamatapo mapepala oitanira anthu ku misonkhano ya mapemphero. Ndipo ine, pokhala munthu wozolowera kuwerenga chilichonse cholembedwa, chingakhale chipepala chokulungira usipa, ndimaima ndi kuwawerenga. Mau ake asiyana pang'ono, koma chimene alonjeza ndi chimodzi: kuti kudzafika munthu wa mphatso, ndipo odwala adzachira, osabala adzaona ana, ndi osowa ntchito adzaitanidwa. Sindinaonepo pepala loitana anthu kuti akaone mphatso ya kusambitsa wodwala, kapena ya kusunga bwino ndalama za mpingo. Komatu zoterezi mtumwi Paulo anaziwerengera pamodzi ndi zinazo. Chifukwa chake ndifuna kukamba nanu, abale anga owerenga, za mphatso za Mzimu, makamaka za mayesedwe ake. Ndipo kuti tisangouluka m'mwamba ndi mau, ndidzatenga nkhani imene inachitika kwathu konkuno, imene ambiri a ife tinaiona ndi maso, ndiyo ya madzi a bambo Billy Goodson Chisupe m'chaka cha 1995.

Tiyambe ndi Malembo. Mphatso zimenezi zitchulidwa m'malo anayi a Chipangano Chatsopano, ndiwo 1 Akorinto 12, Aroma 12, Aefeso 4 ndi 1 Petro 4. Ndipo wowerenga wodekha adzaona kuti mindandanda yake silingana, ngati kuti olembawo sanafune konse kutipatsa chiwerengero chotsekeka. Mau a Chigriki amene ife tiwatembenuza kuti mphatso aphuka pa tsinde limodzi ndi mau akuti chisomo, ndiko kunena kuti ndi chinthu chimene mwini wake sanachilimire. Tikumbukirenso kuti Paulo sanalembere Akorinto kuti awatame. Mpingo uja unali pa mkangano, yense ali kukweza mphatso yake pamwamba pa ya mnzake, makamaka iwo olankhula malilime. Ndipo mtumwiyo anawaphera fanizo la thupi ndi ziwalo zake, kuwaonetsa kuti palibe chiwalo chokhoza kuchotsa chinzake ntchito. Potsiriza chaputala chimenecho aika mphatso pa mzere. Ayamba ndi atumwi, aneneri ndi aphunzitsi (ife a choko tikonda kwambiri malo achitatuwo, ndipo tiiwala msanga chenjezo la Yakobo lakuti mlandu wa aphunzitsi udzakula koposa). Pamenepo atchula zozizwitsa ndi machiritso. Ndipo pafupi penipeni ndi machiritsowo aikapo kuthandiza ndi kuyendetsa bwino zinthu za mpingo. Malilime awaika kothera.

Koma pali mphatso ina imene mapepala a pa msika saitchula konse, ndiyo ya kuzindikira mizimu. M'chaputala 14 Paulo alamula kuti aneneri akalankhula, otsalawo apende zimene zanenedwa. Kwa Atesalonika anenanso chomwecho, kuti asanyoze uneneri, koma asaumeze osauyesa. Pamenepa pali chiphunzitso chimene ndifuna tichigwire: mu Mpingo mulibe munthu wodziyesera yekha mphatso yake. Wina achiritsa, wina ayang'ana ngati wodwalayo wachiradi; ndipo woyang'anayo sali mdani wa wochiritsa, koma chiwalo chinzake cha thupi lomwelo.

Ana athu a m'sukulu za lero sadziwa mantha amene tinakhala nawo zaka zija. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo m'masiku a Dr. Kamuzu Banda sinali nkhani yokamba poyera. Pofika 1994 linali losowa sabata lopanda maliro, ndipo amene tinali kuwaika sanali nkhalamba, koma aphunzitsi, makalaliki, asilikali ndi amayi oyamwitsa. Ku chipatala kunalibe mankhwala a nthendayo. Wodwala ankapatsidwa zoziziritsa ululu, abale ake nauzidwa kuti apite naye kumudzi akamsamale. Dzina lake lenileni tinkaliopa. Tinkati kaliwondewonde, kapena matenda a boma; ndipo pa manda mkulu wa mpingo ankangoti malemuwa adwala nthawi yaitali.

M'chaka chomwecho cha 1994 bambo wina wachikulire wa m'mudzi wa Chikamana, kufupi ndi Liwonde, m'boma la Machinga (masiku amenewo Balaka inali m'boma lomwelo, pakuti inapatulidwa mu 1998), ananena kuti anaonetsedwa m'maloto mtengo umene khungwa lake lichiritsa Edzi. Ndiwo a Chisupe. Anayamba kumwetsa anthu a pafupi; mbiri inawanda; ndipo m'miyezi yoyamba ya 1995 mseu wa ku Liwonde unadzaza ndi malole, mabasi, ndi magalimoto a makampani ndi a boma omwe. Amene analemba za nkhaniyi akuti anthu okamwa anafika ngati 300,000. Anthu anawatcha madziwo mchape, ngakhale mwini wake sanalikonde dzinalo. Iwo ankati ndi madzi a moyo.

Ndivomere pano kuti inenso ndinamwa. Ndinali mnyamata wongotsiriza sukulu ya sekondale, ndisanapite kukaphunzira uphunzitsi. Sindinali kudwala, koma ndinali nditaika kale anzanga awiri a msinkhu wanga, ndipo akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaima pa mzere pamodzi ndi Asilamu ndi Akristu, ovala mataye ndi osavala nsapato. Itafika nthawi yanga ndinamwa madzi ofiirira aja, ndipo nditabwerera kwathu ndinagona tulo tabwino koyamba m'miyezi yambiri. Ndinena zimenezi kuti wina asayese kuti ndili kuseka anthu aja ndili chiimire patali.

Tsono tiipende nkhaniyi mwachilungamo, ndipo tiyambe ndi zokoma zake, pakuti zilipo. A Chisupe sanagulitse madziwo. Munthu amene khamu lotere lifika pakhomo pake akanatha kulemera koposa mwini sitolo aliyense wa ku Liwonde mwa kungolipiritsa tindalama tochepa pa kapu. Koma iwo ankanena kuti analamulidwa kupereka kwaulere. M'menemo anafanana ndi Elisa, amene anakana chuma cha Namani, osati ndi Gehazi amene anachithamangira. Ndipo ena a masiku ano, ogulitsa madzi ndi mafuta m'timabotolo, ayenera kuweramitsa mutu akamva dzina la mkulu uja. Ndiponso sanaloze munthu chala. Mchape woyamba, uja wa zaka za 1933 ndi 1934, umene unabuka cha ku Mulanje nufalikira mpaka ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika, unali wosaka mfiti: anyamata ake ankaimika anthu pa mzere, nawayang'ana pa kalilole, nawalamula kutulutsa nyanga, ndipo mankhwala awo anali a malonda. Ku Chikamana kunalibe kalilole, ndipo agogo a m'midzi sananenezedwe kuti ndiwo adya ana. Pa nthawi imene mabanja ambiri anali kupasuka ndi kuganizirana ufiti chifukwa cha kuchuluka kwa maliro, ichi sichinali chinthu chaching'ono. Pamwamba pa zimenezo ankachenjeza omwa kuti aleke chiwerewere.

Kapena wina adzati, Nanga ngati munthu sanadye za eni, sananamizire mnzake, ndipo analangiza zabwino, chatsala n'chiyani kuti tiitche mphatso ya machiritso? Chatsala ndi chimodzi, ndicho chachikulu: madziwo sanaphe kachilombo. Khamu linatha pakati pa chaka chomwecho, koma maliro sanathe. Anachuluka m'zaka zotsatira. Ine sindikayika kuti mkuluyo anakhulupirira maloto ake ndi mtima wonse. Koma kuona mtima pakokha sikuchiritsa. Mzamba wokoma mtima amene sadziwa kumanga mchombo ataya mwana chimodzimodzi ndi wouma mtima. Ndipo panali choopsa china chimene ndinachizindikira nditakula. Pakati pa anthu zinkamveka kuti madziwo atchinjiriza ngakhale iwo amene sanatenge nthendayo, ndipo ine ndinameza mau amenewo osafunsa. Tulo tabwino tija ndinagona tinali tulo ta munthu woyesa kuti wapiringidza chitseko pamene khomo lili chitsegukire. Kuti ndili moyo lero si nzeru zanga.

Palinso china chimene ndachilingalira zaka zambiri. Ntchito ya ku Chikamana inalibe tsiku lachiwiri. Munthu ankafika, namwa, nakwera lole, ndipo zatha. Panalibe womfunsa dzina, panalibe wodzamuona sabata lamawa kuti kutsegula m'mimba kwaleka kapena ayi. Sindiika mlandu umenewu pa mkulu mmodzi, pakuti munthu yekha sangadziwe maina a anthu zikwi mazana atatu. Koma pomwepo pali phunziro lake. Mutu umodzi susenza denga. Pamene chiyembekezo cha dziko lonse chikoloweka pa munthu mmodzi, palibenso thupi limene Paulo ananena, koma chiwalo chimodzi chotupa ndi khamu la oonerera.

Anthu ophunzira analemba za nkhaniyi. M'chaka cha 1999 Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort amene anakhala zaka zambiri m'dziko muno ali kufufuza za chipembedzo cha makolo, anatulutsa nkhani yawo, ndipo chaka chomwecho a Peter Probst anatulutsanso yawo. Onse awiri analumikiza khamu la ku Chikamana ndi kusintha kwa boma kumene kunali kutangochitika. Ndipo m'menemo ndiwavomereza, pakuti ife a kuno tidziwa bwino umo mitima inalili. Kalata ya maepiskopi a Katolika, imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, inasindikizidwa pa makina a ansembe a Montfort ku Balaka konkuno, ndipo nyumba ya makinawo inayatsidwa moto chifukwa chake; mu Juni 1993 anthu anasankha zipani zambiri; mu Meyi 1994 a Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga, analowa m'malo mwa Kamuzu. Anthu amene anaona thanthwe limene ankati silidzasunthika litasunthika m'zaka ziwiri, sikunali kovuta kwa iwo kukhulupirira kuti Edzi nayonso idzagwa ndi kapu imodzi, ndi kuti mankhwala ake adzatuluka m'mudzi mwa munthu wosauka, osati ku Ulaya.

Koma alembi amenewa anayankha funso lakuti, Anthu anapitiranji? Funso lina lakuti, Kodi ichi chachokera kwa Mulungu kuti chimange anthu ake? silinali lawo, ndipo sitiwadzudzula posalifunsa. Linali lathu, la Mpingo. Ndipo monga ndinaonera kwathu, tinalephera pawiri. Ena tinangoti n'za ziwanda, popeza zachokera m'maloto ndi m'thengo, ngati kuti Yosefe sanalote, ndi ngati kuti kwinini sachokera m'khungwa la mtengo. Ena tinangoti Mulungu wayendera anthu ake, popeza khamu lachuluka ndipo salipiritsa. Magulu onse awiri sitinayese kanthu. Loyamba linaweruza poona kumene chinthu chachokera, lachiwiri poona unyinji wa ochitsata. Kalata ya maepiskopi ija inali ya mtundu wina, ndipo ndiyesa n'chifukwa chake iyenera dzina la uneneri: zimene inanena za kuchepa kwa aphunzitsi ndi mabuku, za kudzaza kwa zipatala, za mitengo yogulira mbewu za alimi, ndi za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, munthu aliyense akanatha kupita kukaziona yekha, napeza kuti zili momwemo.

Kuti chimene ndili kunena chimveke bwino, tisiye pang'ono za Edzi, tibwerere ku nthenda yakale imene makolo ankaiopa chimodzimodzi, ndiyo khate. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ku Utale, m'boma la Balaka, m'chaka cha 1908, ndipo pambuyo pake kunakhala mudzi wa odwala khate. A mishoni ya U.M.C.A. anali ndi wawo ku Likwenu, patsinde pa phiri la Malosa. Tsono mverani chinthu chimene ambiri sachidziwa. Mankhwala amene ankabaya akhate m'midzi yotere zaka za m'ma 1920 ndi 1930 analinso a mtengo: mafuta a njere za mtengo wa ku India, otchedwa chaulmoogra. Jekeseni wake anali wowawa kwambiri, wobwerezedwa kwa zaka, ndipo kunena zoona ambiri sanachire naye. Tikayesa ndi kuchiritsa kokha, masisitere ndi madokotala a masiku aja sanawasiye patali a Chisupe. Ndinena ichi dala, chifukwa alipo ena amene ayesa kuti nkhani yonseyi ndi ya mankhwala a Azungu kulimbana ndi a makolo, ndipo si momwemo.

Kusiyana kwake kuli pena. Pamene mafuta aja analephera, owapereka sanachoke. M'mawa mwake anali pomwepo, kutsuka zilonda, kumanga nsalu pa zala zoduka, kugawa ufa, kuphunzitsa ana kuwerenga. Ndipo ntchito yaikulu ya manja inagwiridwa ndi anthu akuda anzathu, othandiza m'chipatala, ena a iwo odwala omwe amene anapezako bwino, amene maina awo sanazokotedwe pa mwala uliwonse. Mphatso ya kuchiritsa itaperewera, ya kuthandiza inasenza mtolo. Ndipo ndiganiza n'chifukwa chake Paulo anaziika moyandikana. Ndiponso iwo ankalemba m'mabuku amene wapezako bwino ndi amene sanapeze. Ndipo atafika mankhwala a dapsone cha m'ma 1950 anataya mafuta aja osawalirira. Pamene bungwe la za umoyo la dziko lonse linalangiza mu 1981 kuti apereke mankhwala angapo pamodzi, ochiza khate anasinthanso. Lero khate lichizika m'miyezi 6 kapena 12, ngakhale silinatheretu m'dziko muno. Sindinena kuti midzi ya akhate inali Paradaiso. Anthu analekanitsidwa ndi abale awo, malamulo anali olimba, ndipo alipo amene analowa m'kalasi ya ubatizo chifukwa mwini mankhwala ndiye analinso mwini tchalitchi. Zimenezo ziyenera kunenedwa. Koma ntchitoyo inalola kuyesedwa, ndipo poyesedwa inakonzeka.

Nanga Ambuye mwini anatani? M'chaputala choyamba cha Marko, atamkhudza wakhate namchiritsa, sanamuimike pa msonkhano kuti achitire umboni. Anamletsa kuwanditsa mbiriyo, namtuma kwa wansembe. M'chaputala 17 cha Luka anatumanso akhate khumi komweko. Tisaiwale kuti wansembe wa Ayuda, monga mwa Levitiko 13 ndi 14, ndiye anali woyang'anira za khate: ankapenda khungu, nabindikiritsa munthu masiku 7, namuonanso, asanagamule kuti wayera. Ndiye kuti Mwana wa Mulungu, amene mphamvu yake sinali yokayikitsa, anapereka ntchito ya manja ake kuti ikapendedwe ndi anthu amene ambiri a iwo sanamkonde. Nanga ife ndife yani kuti tinene kuti kupita kukayezetsa magazi ndiko kuchepa chikhulupiriro?

Ndafika tsopano pa chimene chandilembetsa. Chitangopita chaka chimodzi chibalalikire khamu la ku Chikamana, mu 1996, madokotala a maiko akutali analengeza kuti mankhwala atatu omwedwa pamodzi agonetsa kachilombo koyambitsa Edzi. Anachedwa kufika kwa osauka, ndipo ambiri anafa ali kudikira. Koma kuyambira 2004 boma linayamba kuwapereka kwaulere m'zipatala, ndipo a Sant'Egidio anatsegulanso ku Balaka nyumba yothandizira odwala ndi yoyezera magazi. Anthu amene tinali titayamba kuwalira ali moyo anadzuka nagwira khasu. Magwiridwe a mankhwalawa ayenera kudziwika ndi mlaliki aliyense. Iwo sachotsa kachilombo m'thupi, koma akaletsa kuswana. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, tizilombo tichepa m'magazi kufikira makina oyezera satipezanso, ndipo thupi libwerera. Koma tina tibisala m'kati, ndipo akaleka kumwa tiyambanso kuswana m'masabata owerengeka, nthawi zina titaphunzira kupirira mankhwala aja.

Taonani tsono msampha wake. Munthu wakumwa mankhwala mokhulupirika apita ku msonkhano napemphereredwa. Mwezi wamawa a chipatala amuuza kuti tizilombo sitioneka. Abwerera ku msonkhano ndi chipepala m'manja, khamu liimba ndi kuvina, ndipo mlaliki amuuza kuti ataye mabotolo, pakuti kumwabe ndiko kukayika. Itapita miyezi timuika; ndipo pa maliro ake mlaliki uja sapezeka, apezeka amayi a mpingo wakale umene malemu anauthawa, ali kuphika ndi kuimba usiku wonse. A Chisupe anapatsa anthu madzi pamene panalibe china chowapatsa. Awa alanda anthu chimene chilipo, ndipo mlandu wawo ukula koposa. Boma linaika lamulo m'chaka cha 2018 loletsa kufalitsa mau onama a machiritso a Edzi. Koma n'zamanyazi kuti Kaisara ndiye agwire ntchito ya kuzindikira mizimu, imene inapatsidwa kwa Mpingo.

Wina asandimve molakwa. Ine ndikhulupirira kuti Mulungu achiritsa, ndipo kalata ya Yakobo itilamula kuitana akulu kuti apempherere odwala. Sindinenanso kuti mipingo yatsopano yonse ichita zimene ndafotokozazi. Ndidziwa abusa a Pentekoste amene akumbutsa nkhosa zawo tsiku lokatenga mankhwala. Ndipo ife a mipingo yakale ya mishoni tili ndi chitsotso chathu, kapena ndinene mtanda. Kwa zaka zambiri tinaopa mphatso iliyonse imene sinadzere m'kalasi. Mnyamata akaonetsa moto pa kupemphera tinkamuyang'ana ndi diso la kumbali, ndipo wodwala akafuna womsanjika manja tinkamuuza kuti adikire abusa, amene afika kamodzi pa miyezi itatu. M'zaka za maliro zija ndinamva ndi makutu anga ulaliki wonena kuti nthendayo ndi mkwapulo wa achigololo, mkazi wa malemu ali chikhalire pamphasa, iye amene sanadziwe mwamuna wina. Anthu sathawa moto wofunda bwino. Ngati anathamangira ku Chikamana, ndipo lero athamangira ku mahema, tifunse chimene anachisowa pa khomo pathu.

Komatu chimene anachisowacho chinalipo pakati pathu, ife osachizindikira. Mu mpingo umene ndinakuliramo munali mayi ena amasiye, osadziwa kulemba dzina lawo. Zaka zija, pamene ngakhale abale ankaopa kukhudza mbale ya wodwala, iwo ankayenda khomo ndi khomo ndi ndowa ndi kachidutswa ka sopo. Ankasambitsa, nachapa zofunda zoipitsidwa, naphika phala, nakhala pafupi kufikira mapeto. Sanachiritse ngakhale mmodzi. Tsiku lina, ine nditayamba kale ntchito, kunabwera alendo kudzaphunzitsa za mphatso za Mzimu, natigawira mapepala kuti yense alembe mphatso yake. Ine ndinali kulembera osadziwa kulemba, ndipo nditafika pa iwo ndinati, "Amayi, ndilembe chiyani?" Iwo anati, "Aphunzitsi, ndidumpheni ine, ndilibe mphatso, ine ndimangothandiza." Ndipo ine, ndi sukulu yanga yonse, ndinawadumphadi. Mlanduwo ndi wanga, ndi wa ife tonse amene, mwa zimene tinkatama pa guwa, tinawaphunzitsa kuti ntchito yawo ilibe dzina m'Buku, pamene mau omwe aja ananena podzichepetsa ndiwo dzina lake m'chaputala 12. Ku Yopa, Dorika atamwalira, chimene amasiye anamuonetsa Petro chinali zovala zimene iye anasoka.

Tsono ndipempha akulu a mipingo ya kuno, a Katolika, a C.C.A.P., a Anglican ndi a Pentekoste omwe, chinthu chimodzi chosafuna msonkhano wa sinodi. Munthu akaimirira kunena kuti wachiritsidwa, tikondwere naye, koma umboni wake usatsekedwe tsiku lomwelo. Apitirize mankhwala ake, akadzionetse kwa a chipatala ku Liwonde kapena ku Balaka, nabwerenso kudzatiuza itapita miyezi 6. Ndipo mlaliki amene anampempherera adzakhalepo tsiku limenelo. Mlaliki wokana zimenezi asapatsidwe guwa. Ndipo popeza ambiri aleka mankhwala si chifukwa cha alaliki okha, koma chifukwa cha mtunda ndi njala, msungichuma atapeko pa chopereka cha sabata ndalama ya minibasi kapena ya kabaza, ndi mkulu mmodzi, kapena mmodzi wa amayi a Mvano kaya a mphakati, apite naye.